Mmene mungaphunzitsire mwana kuti kompyuta ndi chani opanda kompyuta: zitsekerero, choko ndi chipewa basi

Loweruka lina kuno ku Chinamwali magetsi atathima, mwana wa achemwali anga amene ali fomu 2 anabwera ndi kope lake la Computer Studies kuti ndimuthandize, nde ndinangomufunsa kuti kodi kompyuta ndi chani, iye anayankha m'Chizungu chosalala bwinobwino mawu aja oloweza pamtima oti ndi makina oyendera magetsi amene amalandira data nkuikonza nkutulutsa zotsatira. Ndinati wakhoza, tsopano tandiuza m'Chichewa ngati ukuwafotokozera agogo ako ku Jali. Zii. Sindikumunena mwanayu ayi, ambirife tinaphunzira chomwecho, kuloweza tanthauzo koma chinthucho osachigwira, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa kompyuta si chinthu chovuta kuchimvetsa, anthu amene anaiganiza koyamba analibenso kompyuta, anali ndi pepala ndi pensulo ngati ifeyo. Nde ngati iwo anaimvetsa opanda magetsi, mwana wa ku Matawale kapena ku Songani angalephere bwanji.

Zimene ndikulembazi ndi zomwe ndinachita ndi iyeyo ndi anzake oyandikana nafe nyumba kwa Maloweruka anayi. Musazipanikize tsiku limodzi. Zofunika zake ndi zitsekerero za mabotolo zosachepera 20, mukapempha pa golosale akupatsani ulele, choko kapena kamtengo kolembera pansi, katoni yakale yoti mudule makadi, chipewa chimodzi, ndi ana olo atatu. Ngati pakhomo pali batire, babu la tochi ndi tiwaya sungani, zigwira ntchito kutsogoloko.

Yambani ndi munthu osati makina

Auzeni kaye anawo kuti mawu oti kompyuta poyamba linali dzina la ntchito, ngati mmene timanenera kuti telala kapena kalaliki. Anali munthu wolembedwa ntchito yowerengetsera masamu tsiku lonse motsatira ndondomeko imene wapatsidwa. Ku yunivesite ya Harvard ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunali azimayi ogwira ntchito imeneyi pa kafukufuku wa nyenyezi, ndipo ngakhale mu 1962 John Glenn asanakwere chombo chozungulira dziko anapempha kuti mayi Katherine Johnson wa ku NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga, aonenso pamanja masamu amene makina anatulutsa. Nkhani imeneyi atsikana amaikonda kwambiri, musaidumphe.

Kenako sewero. Mwana mmodzi akhale makina, wina akhale wolamula. Lamulo ndi limodzi lokha, makina asaganize, achite zokhazo zimene wauzidwa. Ntchito yake ikhale kuphika nsima, moto osayatsa, poto wopanda kanthu ndi mthiko zakwana. Wolamula amathamangira kunena kuti thira ufa, nde makina amangothira pansi poti sanauzidwe kuti m'poto, anawo kuseka, wolamula kukwiya, abwerezenso. Asiyeni alimbane mpaka afike pa ndondomeko yomveka, tereka madzi, akafunda thira ufa pang'ono uku ukutakasa, dikira phala liwire, onjeza ufa, vundula, ngati ikadali yofewa onjezanso ufa apo ayi siya, bwereza kuvundula mpaka ipse, omola. Akamaliza aonetseni kuti mu zimene anenazo muli zinthu zitatu zokha, kutsatana kwa ntchito, mawu oti ngati, ndi mawu oti bwereza mpaka. Pulogalamu iliyonse ya m'foni mwanu, kaya ya ndalama kaya WhatsApp, pansi pake ndi zitatu zomwezi zongounjikana zambirimbiri. Ndondomeko yotereyi akatswiri amaitcha algorithm, dzina lochokera kwa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800.

Zitsekerero: kuwerenga ndi zizindikiro ziwiri

Dulani makadi asanu pa katoni ija, mulembepo 16, 8, 4, 2, 1 nkuwayala pansi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pansi pa khadi lililonse ikani chitsekerero chimodzi. Chikakhala chagada, kukamwa kuli m'mwamba, ndekuti khadi lake tikuliwerengera, imeneyo ndi 1. Chikakhala chovundikira sitikuliwerengera, imeneyo ndi 0. Tsopano auzeni apange 13. Adzayesa 16 nkuona kuti yachuluka, avundikire, atenge 8, atenge 4, kwatsala 1, nde 2 avundikire atenge 1, pansi padzaoneka 01101. Apange 21, idzakhala 10101. Apange zaka za amayi awo, apa adzapeza kuti zitsekerero zisanu zimathera pa 31, nde musawauze chochita, dikirani mpaka wina anene yekha kuti ankolo tiwonjezere khadi la 32. Akanena yekha sadzaiwalanso.

Mwana wina adzafunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito manambala khumi athu omwewa. Yankho lake nloti pa waya wa magetsi nkosavuta kusiyanitsa zinthu ziwiri, magetsi alipo kapena palibe, kusiyana ndi kuyesa kusiyanitsa milingo khumi ya mphamvu imene imangosinthasintha. Kawerengedwe kameneka si katsopano, Leibniz wa ku Germany analemba za iko mu 1703 magetsi a m'nyumba kusanaganizidwe nkomwe.

Chitsekerero chimodzi ndi bit, zisanu ndi zitatu ndi byte, ndipo byte imodzi ingayalidwe m'njira 256. Apa nde pamene pamakoma, chifukwa mukangogwirizana kuti nambala yakuti iimire chilembo chakuti, zitsekerero zayamba kulemba mawu. Pa mgwirizano wotchedwa ASCII umene unatuluka mu 1963, A wamkulu ndi 65, B ndi 66, kumapita choncho, nde ZOMBA ndi 90, 79, 77, 66, 65. Z yekhayo pa zitsekerero ndi 01011010. Ana agawane magulu awiri azitumizirana mayina awo moteromo pabwalo. Ndipo pali kanthu kena kamene ndimafuna mwana wa ku Malawi adziwe, ASCII inali ndi malo 128 okha ndipo chilembo chathu chija ŵ cha mu Malaŵi munalibe, anaipangira Chizungu. Chinadzapeza malo mu Unicode, nambala yake ndi 373. Mwana akamva zimenezi amazindikira kuti zili m'kompyuta sizinagwe kumwamba, anthu anakhala pansi nkusankha, ndipo posankhapo ena anaiwalidwa.

Chithunzi ndi chimodzimodzi, timadontho tambirimbiri kalikonse ndi manambala ake a mtundu, nyimbo ndi manambala oyeza mmene mpweya ukunjenjemerera. Pamenepa musachedwepo, angomva kuti zonse zimasanduka zitsekerero.

Maswichi amene amadziwa ndi, kapena, ayi

Tengani batire, babu ndi waya uja. Dulani waya pawiri motsatana kuti pakhale mipata iwiri, mwana aliyense agwire mpata wake. Babu liyaka pokhapokha onse awiri atalumikiza, uyu NDI uyu. Kenako mangani mwina, njira ziwiri zoyandikana zopita ku babu lomwelo, apa liyaka wina aliyense akalumikiza, uyu KAPENA uyu. Ngati batire palibe musadandaule, manja akwana, ana awiri aime kutsogolo, wachitatu kumbuyo auzidwe kuti iwe ukweze mkono pokhapokha onse awiriwa akweza. Wina auzidwe kuti iwe uzichita zosemphana ndi amene ali patsogolo pako, akakweza iwe tsitsa, ameneyo ndi AYI.

George Boole wa ku England anaonetsa mu 1854 kuti kuganiza kwa zoona ndi zabodza kungalembedwe ngati masamu, ndipo mu 1937 mnyamata wa zaka 21 Claude Shannon ali pa yunivesite ya MIT ku America anaonetsa kuti masamu a Boole aja angamangidwe ndi maswichi a magetsi. Mfundo ziwirizi zitakumana nde kompyuta ya magetsi inatheka.

Kuti aone kuti sindikukokomeza, apangitseni kuphatikiza. Ana awiri kutsogolo ndi manambala awiri, mkono m'mwamba 1, pansi 0. Kumbuyo kuime awiri ena. Woyamba akweze ngati wakweza ndi mmodzi yekha mwa awiriwo, wachiwiri akweze ngati akweza onse. Yesani 1 kuphatikiza 1, woyamba atsitsa, wachiwiri akweza, mukawerenga wachiwiri kenako woyamba mupeza 10, imene pa makadi athu aja ndi 2. Funsani awiri akumbuyowo kuti mwaphatikiza ndani, aliyense akana, ine ndimangoyang'ana manja. Palibe waphatikiza koma yankho latuluka lokhoza. Agwiritseni mfundo imeneyi chifukwa tikumana nayonso kumapeto. Kompyuta yotchedwa ENIAC imene inaonetsedwa ku Pennsylvania ku America mu 1946 inali ndi machubu a magetsi pafupifupi 18,000 ogwira ntchito ya maswichi ndipo inkalemera matani pafupifupi 30, kenako mu 1947 ku malo a kafukufuku otchedwa Bell Labs anapanga transistor, kaswichi kopanda chosuntha, lero mu purosesa ya foni yabwino, kachipangizo kamene kamawerengetsera m'foni, muli mabiliyoni a timaswichi timeneti. Koma ntchito ya kalikonse ndi yomwe ija ya mwana wokweza mkono.

Makina a Turing pa dothi la pakhomo

Apa nde pamtima pa nkhani yonse, patseni Loweruka lakelake.

Alan Turing anali mnyamata wa ku Cambridge wosakwana zaka 25 pamene mu 1936 anadzifunsa kuti kodi munthu akamawerengetsera masamu motsatira ndondomeko, kwenikweni amachita chani tikachotsa zonse zosafunika. Anapeza kuti amayang'ana chizindikiro chimodzi pa pepala, amakumbukira kuti ali pa gawo liti la ntchito, amafufuta kapena kulemba, nkusunthira pena. Basi. Nde anajambula m'maganizo makina ochita zinayi zokhazi, ndipo makina amenewo mutha kuwamanga pabwalo panu madzulo ano.

Jambulani pansi mzere wautali wa timabokosi totsatana mzere umodzi, olo khumi ndi awiri. M'bokosi lililonse mutha kukhala chitsekerero chagada, chovundikira, kapena mopanda kanthu. Pakati pa mzerewo yalani 1011, imene ndi 11. Mwana mmodzi aime pa bokosi loyamba la kumanzere kwa nambalayo, maso pa bokosi limene waimapo lokhalo, osasuzumira ena. Chipewa chikhale m'manja. Mupatseni khadi la malamulo awa, musamuuze kuti ndi a chani.

Ngati sunavale chipewa ndipo ukuona 0 kapena 1, zisiye momwemo, sunthira kumanja.
Ngati sunavale chipewa ndipo bokosi lilibe kanthu, vala chipewa, sunthira kumanzere.
Ngati wavala chipewa ndipo ukuona 1, itembenuze ikhale 0, sunthira kumanzere.
Ngati wavala chipewa ndipo ukuona 0, itembenuze ikhale 1, khala pansi wamaliza.
Ngati wavala chipewa ndipo bokosi lilibe kanthu, ikamo 1, khala pansi wamaliza.

Mwana ayenda kumanja mpaka kugwera m'bokosi lopanda kanthu, avala chipewa, abwerera, 1 womaliza asanduka 0, wotsatira asandukanso 0, apeza 0 amusandutsa 1, akhala pansi. Pansi patsala 1100. Aitaneni onse awerenge ndi makadi aja, 8 ndi 4, 12. Yalani 111 imene ndi 7, wina ayese, patuluka 1000 imene ndi 8. Abwereze ndi manambala ena mpaka wina akuwe kuti aah akungowonjezera imodzi. Tsiku limenelo mwana wa achemwali uja ndi amene anatulukira kuti chipewa chija ndi ija timati sunga imodzi pa masamu a ku pulayimale, ndinasangalala kwabasi chifukwa ine sindinamuuze.

Tsopano afunseni, kompyuta apa ndi iti? Ena aloza mwanayo, ena khadi, ena timabokosi. Onse akhoza pang'ono. Timabokosi ndi memori, khadi ndi pulogalamu, mwana ndi purosesa, chipewa ndi kachikumbutso kakang'ono kamene purosesa imasunga mkati mwake. Sinthani khadi, zitsekerero zomwezo ndi mwana yemweyo achita ntchito ina.

Chachikulu chimene Turing anaona nchakuti malamulo a pa khadi aja nawonso angalembedwe ndi zitsekerero nkuikidwa m'timabokosi momwemo pambali pa manambala, paja taona kale kuti zilembo zimasanduka manambala. Nde mutha kukhala ndi khadi limodzi lokha lapadera lonena kuti pita ukawerenge malamulo amene alembedwa pansipo uwachite. Makina a khadi limeneli atha kusanduka makina ena aliwonse a mtunduwu, kungosintha zimene mwayala pansi. Mfundo yosunga pulogalamu pamodzi ndi data inadzalembedwa momveka mu lipoti la John von Neumann la 1945, ndipo pa 21 June 1948 ku Manchester makina ang'ono otchedwa Baby anayendetsa pulogalamu yosungidwa mu memori yake. ENIAC ija poyamba kuti isinthe ntchito azimayi asanu ndi mmodzi amene ankaipatsa malangizo ankachita kuzula mawaya nkulumikiza mwina. Ichi nchifukwa chake kafoni kamodzi m'thumba mwa wakabaza pa depoti ya Zomba ndi wailesi, ndi banki, ndi kamera, ndi Baibulo kapena Qur'an, pamene chigayo chimangokhala chigayo mpaka kalekale. Kwa ine tanthauzo labwino la kompyuta ndi limeneli, makina amene ntchito yake siinamangiriridwe m'zitsulo zake, imalembedwa.

Musamalize osawaonetsa malire ake. Lembani khadi la lamulo limodzi, ukaona bokosi lopanda kanthu sunthira kumanja, mwana ayenda mpaka kumpanda, atakhala kuti mzere sukutha angakafike ku Liwonde osakhala pansi. Khadi ili nlosavuta kuliona kuti silitha. Koma kuchokera pa ntchito ya Turing zinatsimikizika kuti palibe ndondomeko imodzi imene ingayang'ane khadi lina lililonse ndi zoyalidwa zake nkunena mosaphonya ngati lidzafike pokhala pansi kapena ayi. Si vuto la kuchepa mphamvu kwa makina, olo mutamanga yaikulu ngati phiri la Zomba, pali mafunso amene kuwerengetsera sikungayankhe. Alonzo Church ku Princeton anafika pa mfundo yofanana chaka chomwecho podzera njira ina. Anthu amene amati kompyuta imadziwa zonse ayenera kumva zimenezi.

Chigayo ndi nkhokwe

Ngati mungapeze kompyuta yakufa kwa okonza mafoni ndi malaputopu m'tauni, itsekuleni ana aone, yosalumikiza ku magetsi chonde. Pofotokoza zamkatimo bwerekani mawu a Charles Babbage, amene m'zaka za m'ma 1830 ku London anajambula makina a zitsulo ndi magiya otchedwa Analytical Engine, ngakhale mpaka kumwalira kwake mu 1871 sanamalizidwe kumangidwa. Mbali yowerengetsera anaitcha chigayo, mbali yosunga manambala anaitcha mosungira katundu, ife tingoti nkhokwe. Mwana wa kuno safunikanso kumufotokozera zambiri, chimanga chimachoka m'nkhokwe, chipita ku chigayo, ufa ubwerera. Ine ndimawonjezera lichero, RAM ndi lichero limene muli zimene mukugwira pompano, magetsi akathima limakhuthuka, nchifukwa chake kalata imene simunasevu imasowa, pamene hard disk ndi nkhokwe yeniyeni. Kiyibodi ndi sikirini ndi zitseko chabe zolowera ndi kutulukira.

Nanga imaganiza?

Funso ili musaliyambitse ndinu, libwera lokha, makamaka masiku ano pamene ana aona mapulogalamu oyankha mafunso ngati munthu. Likabwera musayankhe msanga, apatseni maganizo a anthu amene analimbana nalo kenako asewere okha.

Woyamba ndi Ada Lovelace, amene mu 1843 analemba za makina a Babbage aja. Anaona patali kuposa anzake, kuti makinawo angagwire ntchito pa zinthu zina osati manambala okha, anatchula ngakhale nyimbo, koma ananenanso kuti makinawo sayambitsa kanthu paokha, amachita zimene ife tikudziwa kuwalamula. Turing mu 1950 anamuyankha kuti makina amatidabwitsa kawirikawiri, ndipo anati m'malo mokangana pa mawu oti kuganiza tiyeni tiyese, munthu azilemberana ndi awiri osawaona, wina munthu wina makina, akamalephera kusiyanitsa nde tili ndi chifukwa chanji chokanira. Mu 1976 Allen Newell ndi Herbert Simon anafika ponena kuti kusuntha zizindikiro motsatira malamulo nkokwanira kubala nzeru, kutanthauza kuti mutu wa munthu nawo ndi makina a mtundu womwewu.

John Searle, katswiri wa nzeru zakuya, mu 1980 anakana ndi fanizo la munthu wotsekeredwa m'chipinda amene sadziwa Chitchaina koma ali ndi buku la malamulo lomuuza kuti ukalandira zizindikiro zakuti bweza zakuti. Fanizo limeneli kuno ku Zomba nlosavuta kulisewera poti Chiyao chili ponseponse. Pezani mwana amene sachidziwa olo pang'ono, akhale kuseri kwa chitseko ndi khadi limene mwalemba mothandizidwa ndi wodziwa Chiyao, ukalandira pepala lolembedwa Ali uli, bweza lolembedwa Ndili chenene, ndi mayankho ena angapo otero. Mwana wolankhula Chiyao azilowetsa timapepala pansi pa chitseko osadziwa kuti mkatimo muli ndani. Mayankho azibwera okhoza. Kenako tsekulani chitseko mumufunse wamkatiyo kuti chenene ndi chani. Sadziwa. Mfundo ya Searle ndi imeneyo, kuyala zizindikiro bwino si kumva tanthauzo lake, ndipo mwana amene anavala chipewa uja adzavomera msanga chifukwa iyenso anawonjezera imodzi osadziwa kuti akuwonjezera.

Koma musamupatse Searle chigonjetso chaulele. Amene anamutsutsa anati munthu wamkatiyo ndi kachigawo chabe, funso nloti kodi chipinda chonse pamodzi ndi buku lake sichikumva, paja mu ubongo mwanu mulibe kaselo kamodzi kodziwa Chichewa koma inu mumachidziwa. Akumbutseni ana aja ophatikiza ndi manja, palibe anaphatikiza koma gulu linaphatikiza. Tsiku limenelo mkangano unakula mpaka agogo oyandikana nafe, amene amakhalira kusewera bawo pansi pa mtengo wa mango, analowererapo nkunena kuti ana inu, kudziwa malamulo a bawo si kudziwa bawo. Ndinawauza kuti mu 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov pa chess, ndipo mu 2002 akatswiri a ku Amsterdam anawerengetsera mayendedwe onse a awari, m'bale wake wa bawo wa ku West Africa, nkupeza kuti onse awiri akasewera mosaphonya palibe wopambana. Agogo anati chabwino, koma kodi inasangalala itawina? Funso limenelo ndi lenileni, akatswiri a nzeru zakuya akulimbana nalo mpaka lero, kusiyana kwa kuchita chinthu ndi kumva mumtima kuti ukuchichita.

Hubert Dreyfus, katswiri wina wa nzeru zakuya, kuyambira m'ma 1960 ankanena zofanana ndi za agogowa, kuti nzeru zambiri za munthu zili m'thupi ndi m'kuzolowera, sizilembeka pa khadi. Bwererani ku nsima ija, lamulo lija loti vundula mpaka ipse, kodi amayi amadziwa bwanji kuti yapsa? Ndi kulemera kwa mthiko m'manja, fungo, kaphokoso ka m'poto. Msodzi wa pa nyanja ya Chilwa amaona mitambo ndi mphepo nkudziwa kuti lero bwato lisalowe, mukamufunsa malamulo ake sangakuyalireni. Mapulogalamu a masiku ano anayesa kuzemba vutoli, m'malo molemba malamulo onse pamanja amaonetsedwa zitsanzo zochuluka zedi nkumasintha manambala ake amkati pang'onopang'ono mpaka mayankho azikhoza, nchifukwa chake mfundo ya Lovelace ija siikhalanso yophweka monga kale, palibe munthu anakhala pansi kulemba yankho lililonse. Koma pansi penipeni zikadali zitsekerero zotembenuzidwa, ndipo zimene sanaonetsedwe mokwanira, ngati Chichewa chathu chakumudzi kapena Chilomwe, amapunthwa nazo.

Ine pandekha ndimaima pafupi ndi Searle ndi agogo aja, ndimaona kuti makina amachita zambiri zimene kale tinkati nzofuna nzeru koma alibe njala, alibe maliro, alibe chimene angataye, ndipo tanthauzo la mawu kwa ife limachokera m'zimenezo. Koma maganizo angawa ndimawanena pomaliza penipeni ana atayamba anena awo, ndipo amene watsutsana nane ndi zifukwa zomveka ndimamuyamikira pamaso pa anzake. Inunso mutero, chifukwa mukanena msanga angoloweza ngati tanthauzo lija la m'kope.

Zitsekerero ndi makadi sungani m'chitini, Loweruka lotsatira apatseni ntchito yoti alembe okha khadi lochulukitsa nambala kawiri. Musawauze kuti nkungoyenda kumanja mpaka bokosi lopanda kanthu nkuikamo 0, ayale 101 ndi 1010 pansi pa makadi aja aziyang'ane mpaka aone. Gulu langa linatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo amene anatulukira anali wamng'ono pa onse, wa sitandade 6.